Chifunga cha ku Chikangawa

Amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Jenda kupita ku Mzuzu m'mwezi wa June amachidziwa chifunga cha ku Chikangawa. Ine ndinakumana nacho cha m'ma 10 koloko m'mawa, nthawi imene kwina konse dzuwa linali litawala kale. Adalaivala anayatsa magetsi, basi n'kumayenda ngati bilimankhwe. Mitengo ya paini imangotulukira pafupi ndi windo kenako n'kuzimiririkanso. Mathiraki a matabwa timayamba kuwamva kulira tisanawaone.

Chifungachi chimachokera kunyanja. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imadutsa pamwamba pa madzi n'kutenga chinyezi. Ikagunda mapiri a Viphya imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka mtambo wogona pa phiri penipeni. Ife apansi timati chifunga. Kwa woyendetsa ndege ndi mtambo, koma mtambo woti m'kati mwake muli miyala ndi mitengo.

Basi ikhoza kuima pambali pa msewu kudikira kuti kuyere. Ndege ayi ndithu. Ndipo vuto si kusaona phiri kokha. Munthu akalowa mu mtambo thupi lake limamunamiza: amamva ngati ndege ikuyenda mowongoka pamene yapendekeka kapena ikutsika. N'chifukwa chake pa 24 September 1929, ku New York, Jimmy Doolittle anachita zimene ambiri ankaziyesa misala. Ananyamuka, kuzungulira n'kutera ali wophimbidwa ndi chinsalu, akungoyang'ana zida za m'ndege. Kuuluka modalira zida kunakulira pamenepo. Komabe zidazo zimapulumutsa ngati ndege ili pamwamba kuposa mapiri onse a m'deralo. Woyendetsa akatsika kunsi kwa mitambo kuti aziona nthaka, wabwerera kudalira maso.

Titadutsa cha ku Nthungwa m'basi munangoti zii. Palibe anafunika kuuzidwa chifukwa chake. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe itatenga wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ankapita kumaliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Ku Mzuzu nyengo inali yoipa, ndegeyo sinatere. Inapezeka mawa lake m'nkhalango yomweyi, onse atamwalira.

Akatswiri a ku Germany, kumene ndegeyo inapangidwa, anabwera kudzafufuza. Anapeza kuti inkauluka chapansi m'nyengo yosaoneka bwino kutsogolo, ndiponso kuti inalibe kabokosi kojambula mawu a oyendetsa. Mfundo yachiwiriyi ndi imene imandiwawa, chifukwa zimene anakambirana m'mphindi zomaliza palibe adzazimve.

Chifunga chinatisiya tikutsetsereka kulowa mu Mzuzu. Bwalo la ndege lili m'tauni momwemo, moti uli pa msewu umaliona lonse. Tsiku limenelo panalibe ndege n'imodzi yomwe.