Kuyenda Mwakachetechete pa Phiri la Zomba

Tinakwera phiri la Zomba m'mamaŵa, ife aphunzitsi anayi, nkhungu ikali m'mitengo. Mnyamata wotitsogolera anatiimika m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi nati, "Makolo anga, lero palibe kothamangira. Mafoni aloŵe m'thumba, ndipo nkhani tiyambe taleka."

Ku Japan kuyenda kotereku anakupatsa dzina m'chaka cha 1982, lakuti shinrin-yoku, ndiko kunena kuti kusamba nkhalango. Madzi sakhudza thupi ayi. Munthu angoyenda pang'onopang'ono, namvetsera, nanunkhiza, nakhudza makungwa, kufikira mtima utakhala pansi.

Poyamba tinachita manyazi, pakuti kukhala duu nkovuta kwa mphunzitsi wozoloŵera kulankhula tsiku lonse. Koma titakhala pa miyala kunsi kwa mathithi a Williams, makutu anatseguka. Tinamva mkokomo wa madzi, pambuyo pake mphepo m'mitengo ya paini, ndi kambalame kena kakulira patali. Fungo la masamba oola linatikumbutsa ubwana wathu, masiku aja tinkazula bowa ndi amayi mvula itakata. Mnzathu wina, amene amasoŵa tulo kunyumba, anaodzera atatsamira tsinde la mtengo.

Potsika tinadutsa pamtetete, zitsa zokhazokha, ndipo dzuŵa linatiotcha nthaŵi yomweyo. Chikhalirecho madzi amene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa achokera m'phiri lomweli. Ana ambiri a m'makalasi mwathu sanaloŵepo m'nkhalango yowirira. Aidziŵa pabolodi pokha. Tapangana kubwera nawo dzinja likatha, makolo akalola, mithunzi ikalipo.