Zala pa Chiperoni

Mu Juni ndi Julayi, mphepo ya chiperoni ikamaomba kuchokera ku Mozambique, msewu wa Zomba ndi Blantyre umavuta. Ndimayendamo pa njinga yamoto ya amalume, ndipo chimene ndimaopa kuposa nkhungu ndi zala zangazi. Chisanu chikaziluma zimachita dzanzi, tsono chala chadzanzi chimachedwa kugwira buleki. Phula nalo likanyowa ndi mvumbi limaterera ngati therere.

N'chifukwa chake ndimavala magolovesi ndi chipewa cholimba, nyali ndimayatsa ngakhale masana, ndipo pa Namadzi ndimaima kuti ndifunditse zala pa kapu ya tiyi. Anzanga amandiseka kuti ndine wamantha. Koma pondipatsa makiyi amalume anati, "Mphwanga, njinga ikaphwanyika tidzagula ina. Nanga mayi ako ndikawauza chiyani?"