Kaligo wa zingwe zinayi ku Kwekwe

Agogowo anafika ku Southern Rhodesia mu 1961, Chitaganya chisanathe, ali mnyamata wochokera ku Ntcheu. Anagwira ntchito pafakitale ya zitsulo ya ku Redcliff, ndipo pamene ng'anjo zake zinkazima mu 2008 anali atapuma kale. Kunyumba amalankhula Chichewa, adzukulu n'kumayankha m'Chishona. Mwana wawo, bambo wa adzukuluwo, anasiya chinenero cha makolo ali kusukulu, atatopa ndi kutchedwa mubwidi. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma pakhomopo chinali chitatsala m'kamwa mwa munthu mmodzi.

Loweruka lina madzulo mdzukulu wawo wamkazi anawatengera kuholo ya tchalitchi ku Kwekwe. Kumeneko ophunzira anayi, awiri a vayolini, wina wa viyola ndi wina wa chelo, anali atagwirizana ndi anyamata a magitala ndi ng'oma kuti aimbire limodzi. Mmodzi mwa a vayoliniwo anali iyeyo.

Chigawo choyamba chinali cha nyimbo za ku Ulaya zokhazokha. Agogo anaodzera pang'ono. Atadzidzimuka anayang'anitsitsa uta ukukwecha zingwe, n'kunong'oneza amene anakhala nawo pafupi kuti chipangizocho akuchidziwa: ndi kaligo, kungoti kwawo amakhala ndi chingwe chimodzi, ndipo woimba wake sasowa pepala.

Anthu a ku Kwekwe sapirira nthawi yaitali popanda sungura. Ndi kwawo kwa Tongai Moyo, amene anamwalira mu 2011, ndipo gitala la besi litangolira holo yonse inasuntha mipando. Nyimbo inali Mundikumbuke ya Alick Macheso, mwana wa ku Shamva wa magazi a ku Malawi. N'zoseketsa kuti gulu lake limatchedwa Orchestra Mberikwazvo chikhalirecho vayolini mulibe. Usiku umenewu dzinalo linapeza eni ake.

Woimba ndi pakamwa panalibe. Mzere umene Macheso amaimba anaupereka kwa mdzukuluyo, ndipo apa ndi pamene agogo anaongoka pampando. Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma khutu la mwini chinenero silisokoneza. Woimba amene anayamwira chinenero sataya kukwera ndi kutsika kumeneku kotheratu. Chuni chake chimasunga mbali ina. Ndiye ngakhale mawu atachotsedwa, mphako zake zinatsala, ndipo agogo ankazidzaza okha, milomo ikugwedera. Mtsikanayo anali ataphunzira chunicho pomvetsera pafoni kambirimbiri, osadziwa tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe. Kwa mphindi zingapo anali kulankhula Chichewa ndi dzanja.

Panali malo amodzi amene anakometsera, n'kukweza chuni pamene liwu limatsika. Omvera anakuwa mokondwa. Agogo anachita tsinya ngati amva mlendo akulakwitsa moni.

Pobwerera ku Redcliff m'kombi anamuuza zimenezo, m'Chichewa monga mwa nthawi zonse.

"Waimba bwino, mdzukulu wanga. Koma pena paja unawakhotetsa mawu."

Iye anadabwa, n'kuyankha m'Chishona kuti panalibe mawu alionse. Kenaka anakhala chete, bokosi la vayolini lili pamiyendo, mpaka atadutsa magetsi omaliza a m'tauni. Ndipo anafunsa tanthauzo la dzina la nyimboyo. Agogo akanatha kumupatsa liwu la Chishona, pakuti amachidziwa bwino kuposa mmene amaonetsera. Sanatero. Analitchula pang'onopang'ono, phatikizo ndi phatikizo, chala chikukwera ndi kutsika m'mwamba ngati uta.

Anayesa koyamba, n'kulakwa. Mayi wina wachikulire wa pampando wa kumbuyo, amene sanalankhule chichokereni ku Kwekwe, anamukonza.