Zida zakale zozulira ndi kumatira mano

Adzukulu anga, inu mwazolowera mpando wa dokotala wa mano wokwera ndi kutsika ndi magetsi, koma ine ntchitoyi ndinaidziwa isanafike pamenepo. Pa unyamata wanga ndinkathandiza pachipatala china cha mishoni pomwe magetsi panalibe, ndipo gawo langa linali kupalasa ndi phazi makina oboolera dzino, monga achitira telala pakhonde la sitolo. Phazi likamaponda, gudumu linkazungulira, kachingwe n'kumathamanga m'mwamba mpaka kukafika pa kansonga kokokota pamene dzino lawola. Ukafooka pang'ono, ululu unkamukulira wodwala, choncho phazi silinkapuma mpaka adokotala atadzutsa mutu. M'chipindamo munkamveka fungo la mafuta a clove, losakanikirana ndi utsi wa sitovu ya palafini yomwe tinkawiritsira zida.

Imvi zitandibwerera, mwana wanga wokhala ku London ananditengera kunyumba yosungira zinthu zakale ya British Dental Association, mumsewu wa Wimpole, ndipo makina aja ndinawapeza ataimikidwa mwaulemu. Anawapanga ndi James Beall Morrison wa ku America, amene anawalembetsa m'dzina lake mu 1871. Chuma cha m'nyumbamo chinayamba mu 1919 ndi mayi Lilian Lindsay, mkazi woyamba kulandira ukatswiri wa mano ku Britain, m'chaka cha 1895. Mayiwa anapereka zida zakale zomwe ankasunga m'bokosi kunsi kwa bedi lawo, ndipo ndimawalemekeza chifukwa anaona phindu pa zimene ena akanataya kudzala.

Kunali kiyi wa mano, kachitsulo ka ngowe kokola dzino, komwe munthu ankapotokola mpaka dzino litazuka, nthawi zina n'kuliphwanya, nthawi zina n'kuthyola ndi fupa la nsagwada lomwe. Kunalinso mano oikirira osemedwa kuchokera ku dzino la mvuu. Koma ine chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi mabokosi osungiramo zida. Matabwa ake opalidwa bwino mpaka kunyezimira, m'kati moyalidwa nsalu yofewa yofiira, ndipo chida chilichonse chili ndi kamalo kake kogobedwa molingana ndi thupi lake, moti china sichingagonemo. Zigwiriro zina zinali za mnyanga wa njovu, zitachita chikasu ndi ukalamba, zina zosalala penipeni pomwe chala chachikulu chinkagwira.

Ifetu pachipatala cha mishoni chija bokosi lotere tinalibe. Tinali ndi mbale yoyera yachitsulo, yosupuka utoto m'mphepete, ndi kansalu kokulunga komwe anamwino ena anasoka timatumba pamanja. Koma mwambo wake unali womwewo. Mbaniro zinkayalidwa mondondozana, ya dzino la kutsogolo payokha, ya dzino la kumatsagwidi payokha, za m'mwamba uku, za m'munsi uko, pakuti kuyambira masiku a dokotala wa mano John Tomes, cha m'ma 1840, dzino lililonse linapatsidwa mbaniro yogwirizana ndi khosi lake. Adokotala ankangotambasula dzanja maso ali m'kamwa mwa wodwala, chida n'kupezeka pomwe chiyenera kukhala. Agogo ena ankabwera atamanga mpango kuzungulira chibwano, atayenda kuyambira tambala woyamba, ndipo akaona zida zitayalidwa mwaudongo chotero mtima unkakhala pansi asanatsegule n'komwe pakamwa.

Zigwiriro za mnyanga ndi nsalu zofewa zija zinatha madokotala atadziwa za tizilombo toyambitsa matenda, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mnyanga ukawiritsidwa kawirikawiri umang'aluka, ndipo nsalu imasunga litsiro, choncho zida zinayamba kupangidwa ndi chitsulo chokhachokha kuyambira kunsonga mpaka kuchigwiriro, zoti ziziponyedwa m'madzi owira zathunthu. Zomwe ine ndinkatsuka madzulo aliwonse zinali za mtundu wachiwiriwu.