Zaka zinayi kumbuyo kwa kauntala

Acinyamata amene angomaliza Grade 12 akadziwa kuti nimagwila nchito mu pharmacy, funso lawo limakhala limodzi-modzi: kodi ni bwino kuyamba na diploma, kugwilako nchito, ndiye digili pambuyo, kapena kulimbila malo ku UNZA kucokela pa ciyambi? Amanifunsa ku chechi, pa WhatsApp, ngakhale mu minibasi akaona koti yoyela m'cola. Caka cino nili kutumiza mapepala anga ku sukulu ya pharmacy pambuyo pa zaka zinayi za nchito, ndiye lekani nifotokoze zimene naona.

Njila zilipo ziwili. Yoyamba ni yoongoka koma yopanikiza. Ku UNZA umayamba na caka ca Natural Sciences ku kampasi ya pa Great East Road, kulimbana na biology, chemistry, physics na masamu, ndipo kumapeto kwa caka pamabwela quota. Amene akhoza bwino ndiwo amatengedwa ku medicine, ku pharmacy na maphunzilo ena a zaumoyo, n'kupita ku Ridgeway pafupi na UTH. Zonse pamodzi ni zaka 5, kenako internship. Njila yaciwili ni diploma ya zaka 3, monga ya ku Evelyn Hone College. Ukamaliza umalembetsa ku HPCZ monga pharmacy technologist, ndipo caka ciliconse umakonzanso cikalata cokulola kugwila nchito. Ine ninapita njila iyi. Atate anali atangoleka nchito, ndipo panyumba tinawelenga ndalama n'kuona kuti zaka zitatu tingazikwanitse, zisanu ayi.

Nikhala ku Chelstone, nchito ili ku Kabwata. M'mawa uliwonse minibasi imanipititsa pa geti ya UNZA, kenako Arcades, Manda Hill, mpaka mu tauni, kumene nimakwela ina yotsika na Burma Road. Anthu ena amati kupita pa geti ija tsiku lililonse kuyenela kumaniwawa. Nthawi zambili nimakhala nili m'tulo.

Ku koleji tinaphunzila maina a mankhwala, milingo yake na mmene amagwilila nchito m'thupi. Pa kauntala n'napeza kuti theka la nchito ni makatoni. Kulandila oda, kuwelenga mabokosi, kulemba pa bin card, kuika kutsogolo mankhwala amene atsala pang'ono kutha nthawi kuti acoke coyamba, kuyang'ana thermometer ya mu firiji m'mawa na madzulo n'kulemba. Palibe amene amajambula zimenezi kuti aike pa Facebook. Koma bokosi limodzi likabisala kumbuyo kwa shelufu mpaka deti yake yapita, ni ndalama zotayika, ndipo likafika m'manja mwa wodwala ni nkhani ina yaikulu kuposa ndalama.

Theka linalo ni kukamba na anthu, ndipo apa ndipo nchito inaniphunzitsa zimene buku silikanakwanitsa. Tengani Coartem. Pa pepala n'zosavuta: munthu wamkulu amamwa mapilisi 24, anayi-anayi, kawili pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo mlingo waciwili umabwela pakapita maola 8 kucokela pa woyamba. Amafunika kumwa na cakudya ca mafuta pang'ono kapena mkaka kuti alowe bwino m'magazi. Manje fotokozelani zimenezo ambuya amene abwela na mdzukulu, amva thupi kuwawa, ndipo afuna cabe kukagona. Ukanena mofulumila m'Cizungu amagwedeza mutu mwaulemu n'kupita, ndipo tsiku laciwili akamvako bwino amasunga otsalawo kuti akathandize wina. N'naphunzila kufunsa kuti, "Ambuya, mwamwa nthawi yanji aya oyamba? Cabwino, ena mukamwe pamene ana abwela ku sukulu." Nimalemba pa bokosi na zithunzi za dzuwa na mwezi, ndipo nimawapempha kuti anibwezele zimene nakamba.

Ngakhale mau akuti "katatu pa tsiku" ali na msampha. Kwa ise atanthauza maola 8 alionse. Kwa anthu ambili atanthauza tiyi, nsima ya masana na nsima ya usiku, ndipo kuli nyumba zimene nsima imaphikidwa kamodzi. Ukauza munthu kuti "muzimwa mukadya", uyenela kuyang'ana nkhope yake kuti uone ngati mauwo ali na pogwila.

Pa kauntala amatiitana "ba sister" kapena "ba dokota". Nimawauza kuti sindine dokota, koma dzinalo silicoka. Ndipo cifukwa cakuti amatikhulupilila conco, pempho limene nimamva kuposa onse ni ili: "Ba sister, nipaseniko ma capsule ya K10." Afuna amoxicillin, alibe pepala la ku cipatala, ndipo afuna ya masiku awili cabe. Cimfine cimabwela na kavailasi, amoxicillin siikhudza kavailasi. Ndipo kumwa theka la mankhwala opha mabakiteliya ni kuphunzitsa tizilombo kulimba, kuti tsiku limene mwana adzadwala cibayo ceniceni mankhwala omwewo adzalephele. Nimafotokoza zonsezi, ena amamva, ena amati, "Imwe mumavuta, nizagula kwina." Ndipo amagula, cifukwa m'makomboni muli tuntemba tumene tumagulitsa ma capsule pambali pa maswiti, ngakhale lamulo la 2013 limene linakhazikitsa ZAMRA silivomeleza zimenezo. Kukana kasitomala uku udziwa kuti malipilo ako amacokela mu till yomweyo si cinthu cimene ungaphunzile m'kalasi.

Kuli anyamata enanso, amsinkhu wa mlongosi wanga, amene amabwela madzulo na cifuwa copanga. Amatsokomola kawili pakhomo, n'kuchula dzina la mankhwala a cifuwa amene ali na codeine, dzina lonse bwino-bwino monga awelenga pa botolo. Ukawapatsa mtundu wina amakana. Ena nimawadziwa makolo awo. Pa nkhani iyi sinikambilana nawo mtengo kapena ciliconse: popanda pepala la dokota, palibe.

Pa Ciwelu nimagwila locum ku Woodlands, nthawi zina ku Kabulonga. Ni Lusaka imodzi koma kauntala ni ina. Kumeneko munthu amabwela na khadi ya inshuwalansi, amafunsa ngati mankhwala ni ocokela ku India kapena ku Europe, ndipo wawelenga kale pa intaneti zoipa zonse zimene angacite. Safunsa za theka. Koma nayenso amafuna antibiotic ya cimfine, kusiyana kwake n'kwakuti amaipempha m'Cizungu cabwino. Ku Kabwata nimathela nthawi kufuna mtundu wochipa umene ugwila cimodzi-modzi, ku Kabulonga nimathela nthawi kutsimikizila munthu kuti wochipayo si wabodza.

Caka ca 2024 cinali sukulu payokha. Kolela imene inayamba mu October 2023 inafika poipa mu January, Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegula. Ife ORS, zinc na chlorine zinali kutha tisanamalize kutsegula katoni. Anthu anali kubwela kufuna Flagyl akangomva m'mimba kutembenuka, ndipo tinali kubweleza mau amodzi tsiku lonse: paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi owilitsa kapena othila chlorine, yambani kumwa manje, ndipo ngati mutsegula ngati madzi a mpunga musabwelele kuno, thamangilani ku cipatala. Kolela isanaiwalike kunabwela cilala, madzi ku Kariba anatsika, malaiti anayamba kupita maola ambili pa tsiku. Insulin iyenela kusungidwa pa madigili 2 mpaka 8. Ife tinali na jeneleta. Odwala shuga ambili analibe, ndipo n'naona ba pharmacist athu akukhala nawo pansi mmodzi-mmodzi, kuwauza kuti botolo limene atsegula lingakhale pafupi-fupi milungu inayi kunja kwa firiji ngati lili pozizila, kutali na dzuwa na mbaula, ndipo azigula locepa m'malo mounjika.

Manje mungafunse kuti ngati nchito imeneyi iphunzitsa zonsezi, digili ni ya ciani?

Tsiku lina kunabwela amai ena a zaka za m'ma 40 na pepala la mankhwala oonjezela magazi, aja a iron, ndipo anapemphanso botolo la mankhwala a cilungulila. Ba pharmacist anawatengela pambali n'kufunsa motsitsa mau ngati pali mankhwala ena amene amamwa tsiku lililonse. Amaiwo anati amamwa TLD, ndipo posacedwa anayamba metformin ya shuga. Lamulo ninali kulidziwa: dolutegravir imene ili mu TLD imagwilana na iron, calcium na magnesium m'matumbo, ndipo yocepa ndiyo imalowa m'magazi, conco uyenela kumwa TLD maola 2 usanamwe enawo kapena maola 6 pambuyo pake. Cimene n'naona kwa ba pharmacist cinali coposa lamulo. Anaona mankhwala onse anayi monga nkhani imodzi. Anadziwa kuti dolutegravir imakweza mlingo wa metformin m'magazi, anafunsa za impso, anatenga foni n'kuimbila dokota amene analemba pepala, ndipo anakambilana monga anthu a msinkhu umodzi mpaka mlingo unasinthidwa. Pambuyo pake ananijambulila pa kapepala ka lisiti mmene impso zimatulutsila metformin na pamene dolutegravir imatsekeleza. Kapepala kaja nikali nako.

Ine nimadziwa zoyenela kucita. Nifuna kufika pomvetsa cifukwa cake mpaka pansi, kuti dokota akanitsutsa pa foni nikhale na poimilila. Palinso nkhani ya lamulo: pharmacy iliyonse iyenela kukhala na pharmacist wolembetsedwa amene amayankha pa zonse zocitika mmenemo. Ungakhale technologist wa zaka 20, wodziwa shelufu iliyonse na maso otseka, koma cikalata copacikidwa pa cipupa cidzakhala ca wina. Sinikamba izi monyoza nchito yathu. M'makiliniki ambili a boma, maka-maka kunja kwa Lusaka, technologist ndiye amanyamula dispensary yonse, kuitanitsa mankhwala ku ZAMMSA na kupeleka ma ARV. Anzanga ena a ku koleji analowa m'gulu la anchito a zaumoyo opitilila 11,000 amene boma linalemba mu 2022, ali ku maboma akutali, ndipo sanganene kuti nchito yawo ni yocepa. Ena a iwo safuna digili konse, ndipo ali na zifukwa zomveka.

Kuganiza kwanga n'kwakuti zaka ziwili pa kauntala zimakwana kukuonetsa ngati nchito iyi ni yako. Ngati sungapilile kuimilila maola 10, kumwetulila munthu amene akukutukwana cifukwa ca mtengo umene sunaike ndiwe, na kugwila pa Khisimasi, ni bwino udziwe usanalipile zaka 5. Koma zikapitilila ziwili, malipilo amayamba kumela mizu. Anga amalipila lendi ku Chelstone, amagula amlodipine ya BP ya amai mwezi uliwonse, ndipo kwa zaka zitatu analipila koleji ya mlongosi wanga, amene wamaliza caka cino. N'cifukwa cake zanga zakhala zinayi. Loni ya HELSB imayang'ana kwambili amene angocoka ku Grade 12, ndiye ife obwelela ku sukulu timadalila thumba lathu. Nili mu cilimba na anzanga asanu a nchito imodzi, ndipo n'napempha kuti mwezi wanga ukhale womaliza kuti ndalama zifike pafupi na nthawi yolipila.

Amai sanakondwele poyamba. "Mwana wanga, nchito ili m'manja, anzako ali na madigili akhala cabe pa nyumba. Ukaisiya uzaipezanso?" Funso limeneli lilibe yankho lofewa, cifukwa ni zoona kuti ma pharmacist acinyamata ofuna nchito aculuka mu Lusaka kucokela pamene masukulu ena monga Lusaka Apex anayamba kuphunzitsa pharmacy. Amalume anafunsa za cikwati, monga mwa nthawi zonse. N'nawayankha amai na pepala na bolopeni: lendi zakuti, mankhwala awo zakuti, locum ya pa Ciwelu na pa Sondo imabweletsa zakuti, mlongosi wanga akapeza kanchito adzatenga bili ya madzi na malaiti. Anayang'ana manambala nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga uzagona liti?"

Mapepala ali mu envulopu ya khaki: zotsatila za Grade 12, transcript ya diploma, cikalata ca HPCZ, kope ya NRC yodindidwa, na kalata imene ba pharmacist analemba pa Cisanu titatseka. Organic chemistry n'naisiya kalekale, conco buku lake manje limayenda nane mu minibasi, ndipo nimawelenga kucokela ku Chelstone mpaka pa Munali, pamene kondakita amayamba kutolela ndalama na kutipanikiza anayi pa mpando. Mwini pharmacy ya ku Kabwata wavomela kunisungila mashifiti a kumapeto kwa wiki nikatengedwa. Za masiku a mayeso tikali kukambilana, iye afuna nizipeza wonigwilila, ine nifuna tilembe pa pepala.