Kampata ka m'Chitsulo cha Wailesi

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za kanthu kakang'ono kamene kadandichititsa manyazi ndili mnyamata, ndipo kufikira lero, pamene ndikonza mawailesi ndi machaja a anthu kuno ku Mtengowanthenga, sindidakaiwale. Kanthuko ndi mpata wopyapyala ngati pepala, umene amisiri ausiya dala pakati pa chitsulo cha thiransifoma.

Amalume anga adali mmodzi wa anthu aja amene akonda ntchito ya wailesi, osalandirapo malipiro. Wailesi yao sidali yomvera yokha ai, idalinso yolankhulira. Adamanga waya wautali pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu, ndipo madzulo ankalankhula ndi anzao a ku maiko akutali. Ntchito imeneyi siichitika mwachisawawa: munthu ayenera kukhala ndi chilolezo cha Boma, chimene masiku ano chichokera ku MACRA, napatsidwa dzina loitanira. Maina otere a ku Malawi ayamba ndi 7Q, kotero kuti mnzao wa ku Japan kapena ku Brazil akamva 7Q adziwa kuti mau achokera kwathu kuno.

Kumudzi kwathu kudalibe magetsi, tsono amalume ankayatsira wailesiyo batire la galimoto la mavolti 12. Koma popeza mbali ina ya wailesi inkafuna mavolti oposa pamenepo, adapanga okha kabokosi kowakweza. M'katimo mudali thiransifoma: waya wa mkuwa wokulungidwa bwino, ndi zitsulo ziwiri zakuda zonga chilembo E, zoyang'anizana.

Tsiku lina, iwo ali kudimba, ine ndidati ndiwapukutire fumbi m'kabokosi kaja. Ndili pa ntchitoyo, chomangira zitsulo chidamasuka, zitsulo zija zidalekana, ndipo pakati pake padagwa timapepala tiwiri. Ndidati mumtima mwanga: amalume akalamba, maso ao saonanso zinyalala. Timapepalato ndidataya, zitsulo ndidazilumikiza gwa, ndi kuzimanga kolimba, osauza munthu, pakuti ndidafuna kuti adzandiyamike ataona okha.

Lamulungu madzulo adayatsa wailesi. Sipadapite nthawi, tidamva fungo la chinthu chopserera, ndipo kautsi kadatuluka m'kabokosi. Amalume adachotsa waya ku batire msanga, natsekula, nayang'ana nthawi yaitali ali chete. Thiransisita idali itapsa. Pamenepo adati: "Mwanawe, wakhudza muno ndani?" Ine ndidagwada, ndi kunena kuti: "Pepani amalume, ndine. Ndidaona ngati timapepala tija tidalowa mwangozi." Sadandimenye ai, adangoti: "Khala pansi, umve, pakuti ukapanda kumva lero udzaotcha zina."

Zimene adandiphunzitsa usiku umenewo, ndi zimene ndawerenga pambuyo pake, ndi izi. Chitsulo chakudacho achitcha feraiti. Sichisulidwa monga khasu, koma chiumbidwa monga mbiya: atenga ufa wonga dzimbiri la chitsulo, nausanganiza ndi wa manganizi ndi zinki, naupanikiza m'chikombole, nauotcha m'ng'anjo yotentha kopitirira madigiri 1,000. Chifukwa chake chikagwa pa simenti chisweka ngati phale. Adachitulukira ndi amuna awiri a ku Tokyo, Yogoro Kato ndi Takeshi Takei, m'chaka cha 1930. Ndipo m'chaka cha 1935 kampani ya TDK idakhazikitsidwa kuti izichipanga. Ngakhale m'wailesi yanu ya pakhomo muli kandodo ka feraiti, ndiko kamene kachititsa kuti potsegula siteshoni ya mediyamu mau akwere kapena kutsika mukaitembenuza.

Magetsi akamayenda m'waya wokulungidwa, abala mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo izungulira m'chitsulo. Feraiti ya mtundu umenewu ilola maginito kupita mosavuta, ngati ka 2,000 kuposa mpweya. Koma ili ndi malire: ikhuta msanga, isanalandire ngakhale theka la maginito amene chitsulo wamba cha thiransifoma chilandira. Tsono ikakhuta siiletsanso magetsi. Athamanga m'waya monga madzi a m'ngalande pamene mzere wagumuka, ndipo thiransisita, imene itsekula ndi kutseka njira yao kambirimbiri pa sekondi imodzi, ipsa.

Taonani tsono ntchito ya kampata. Tinene kuti njira ya maginito m'chitsulo italika mamilimita 100. Popeza feraiti iposa mpweya ka 2,000, njira yonseyo ivuta monga mpweya wa mamilimita 0.05 okha. Mukaikapo mpata wa milimita imodzi, mpata wokhawo uvuta ka 20 kuposa chitsulo chonse. Motero maginito sachulukanso msanga, ndipo magetsi ambiri atha kuyenda chitsulo chisanakhute. Chodabwitsa china n'chakuti mphamvu imene thiransifoma yotere isunga kanthawi, isanaipereke ku waya wachiwiri, ikhala makamaka m'kampatamo. Kwa maginito pepala lili ngati mpweya. Ntchito ya timapepala tija idali yongogwira mpata kuti usatsekeke.

Koma musaganize kuti mpata ukakula zinthu zikoma. Ukakula kopitirira, maginito atayikira m'mbali natenthetsa waya woyandikira, ndiponso pafunika kukulunga waya wambiri. Ndipo si thiransifoma zonse zifuna mpata. Amalume adandionetsa timphete ta feraiti ta ku mbali yotumiza mau ku waya wa kumitengo: timeneto tilibe mpata, pakuti ntchito yake ndi kupititsa mphamvu pomwepo, osaisunga. Mmisiri ayamba wadziwa ntchito ya chinthu, kenaka ndipo ayesa mpata wake.

Kupusa kwanga kudadyetsa ndalama. Amalume adagulitsa mtedza umene adasungira zina, nakwera basi kupita ku Lilongwe kukafuna thiransisita ina, ndipo wailesi idakhala duu masabata atatu. Atabwera, adandipatsa ine lumo ndi pepala kuti ndidule timapepala tatsopano, iwo akuyesa kuchindikala kwake.

Lero m'nyumba zambiri muli sola, batire ndi chaja ya foni. Ndipo m'machaja ambiri oika ku magetsi muli kathiransifoma ka feraiti kokhala ndi kampata kake, kamene adakapala ku fakitale pa mwendo wapakati wa chitsulo. Chifukwa chake ndikupemphani, makolo anzanga: chaja ikatentha kopambana, kapena ikanunkha, ichotseni ku magetsi, ndipo ana asaitsekule, pakuti m'katimo mutsala magetsi oluma ngakhale mutaizula. Koma mwana wokonda kufunsa za zinthu zotere musamletse; mtumizeni kwa mmisiri wodziwa, ndipo mumuuze kuti akaona kanthu kamene sakukadziwa ntchito yake, ayambe wafunsa asanakataye.

Tsalani bwino nonse, kufikira mwezi wa mawa.