Amayi anagulitsa mazira kuti agule "mankhwala obweza ukalamba"

Lero ndikufuna ndikuuzeni zomwe ndinakapeza kumudzi kwathu mwezi watha.

Nditangofika, amayi anandiitanira kuchipinda n'kumasula kabotolo komwe anakakulunga m'chitenje. "Mwanawe, taona. Akuti awa amabweza ukalamba." Pabotolopo panalembedwa kuti glutathione. Anagula kwa munthu wina woyenda ndi chikwama pa tsiku la msika. Nditafunsa za ndalama, anati kwa miyezi iwiri akhala akugulitsa mazira onse a nkhuku zawo, osadyako ngakhale limodzi. Zinandipweteka mumtima. Mwana wawo ndine namwino, koma iwo amadyera nsima masamba okhaokha kuti apeze ndalama ya mapilitsi.

Sindinawakalipire, chifukwa sizonse zomwe anauzidwa zinali zabodza. Glutathione alipodi, ndipo ndi wofunika. Thupi likamasandutsa chakudya kukhala mphamvu, limatulutsanso tizinthu towononga totchedwa ma free radical. Utsi wa fodya, utsi wa nkhuni ndi mowa zimatichulukitsa. Timadya maselo a thupi pang'onopang'ono, monga momwe dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula. Glutathione ndi mmodzi wa zoteteza zotchedwa ma antioxidant, zomwe zimagwira tizinthuti tisanawononge. Amathandizanso chiwindi kuchotsa poizoni. N'zoonanso kuti munthu akamakalamba, glutathione amachepa m'thupi.

Chomwe amayi sanauzidwe ndi ichi: thupi limadzipangira lokha glutathione, makamaka m'chiwindi. Limagwiritsa ntchito timagawo titatu ta zakudya zomanga thupi, totchedwa glutamate, cysteine ndi glycine. Pa titatuti, cysteine ndiye amaperewera msanga, ndipo mazira ali naye. Amayi anali kugulitsa chinthu chenichenicho chomwe chiwindi chawo chinkafuna. Glutathione wa m'mapilitsi, wambiri amaphwanyidwa m'matumbo asanalowe m'magazi, ndipo palibe umboni wokwanira woti amabweza ukalamba.

Kenako ndinaona mapaketi a panado pawindo. "Amayi, mumamwa angati patsiku?" Anati mawondo akavuta amamwa awiri nthawi iliyonse yomwe amva ululu, osawerenga, ndipo nthawi zina amaphatikiza ndi mankhwala a chimfine a kugolosale. Apa ndi pomwe ndinachita mantha. Mankhwala a m'panado, a paracetamol, akamasefedwa m'chiwindi amasiya kapoizoni komwe glutathione amakachotsa. Munthu akamwa opitirira muyeso, glutathione amatha ndipo chiwindi chimayamba kuwonongeka. N'chifukwa chake kuchipatala, amene wamwa paracetamol wambiri amapatsidwa mankhwala a N-acetylcysteine, othandiza chiwindi kupanganso glutathione. Munthu wamkulu asapitirire mapilitsi 8 a 500 mg pa maola 24, ndipo okalamba owonda kapena omwa mowa ayenera kumwa ochepera pamenepo. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol m'kati.

Atsikana inu, glutathione yemweyu ena akumugulitsa ngati jakisoni woyeretsa khungu. Mabungwe oona za mankhwala ku Philippines ndi ku America anachenjeza kale za jakisoniyu. Musalole munthu kukubayani m'mitsempha kunyumba kapena kusaluni.

Nanga makolo athu tiwathandize bwanji? Tsiku lililonse m'mbale mwawo musasowe chomanga thupi: dzira, usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya kapena nsinjiro. Nsomba ndi mazira zilinso ndi selenium, mchere womwe glutathione amagwira nawo ntchito, ndipo m'madera ambiri a Malawi chimanga chathu chili ndi selenium wochepa. Mpiru, repu, kabichi, anyezi ndi adyo zisasowe. Magwafa, malalanje ndi malambe ali ndi vitamini C. Aziphikira pamalo popita mphepo, asiye fodya, achepetse mowa, aziyendako ndi kugona mokwanira. Ngati mawondo akupweteka tsiku ndi tsiku, apite kuchipatala, akayezetsenso BP ndi shuga. Amene ali ndi vuto la impso ayambe afunsa adokotala za kadyedwe.

M'mawa mwake ndinawiritsa mazira awiri n'kuwaika pambali pa phala lawo la nsinjiro. Amayi anandiyang'ana n'kuseka. "Ndiye ndidye ndalama zanga?" Ndinati, "Idyani amayi, nkhuku ziikiranso." Lachiwiri tinapita limodzi kuchipatala chaching'ono cha kwathu kukaonetsa mawondowo.

Imvi zawo sizichoka, ndipo palibe botolo lomwe lingazichotse. Chomwe ndikufuna n'chakuti akhale ndi mphamvu zopita kudimba ndi zonyamula zidzukulu. Mukapita kumudzi, suzumirani pawindo ndi m'zikwama za makolo anu, muone zomwe akumwa. Muwafunsenso kuti mazira akupita kuti.